Tsiku Limene Ndinathawa Magausi 15,000

Kanjedza,
Lachinayi madzulo

Mwana wanga Rozina,

Ndakhala pakhonde pano ndi cholembera chofiira chifukwa chabuluu chauma, ndiye usadabwe kuona kalata ya mayi ako ikuoneka ngati ndikuchonga mayeso. Sindikukuchonga ayi. Iwe wapita ku Mbayani kukatsanzikana ndi azakhali ako, bambo ako ali m'chipindamo akulimbana ndi zipi ya sutikesi yako, ine ndati ndilembe dzuwa lisanalowe. Ndikanatha kungokuuza pakamwa, koma umandidziwa. Ndikayamba kulankhula ndimasanduka mphunzitsi, mawu amakwera, iwe n'kuyamba kumwetulira n'kumati, "Inde madamu." Papepala sungandidule mawu.

Mawa ukukwera ndege kukaphunzira za makina a MRI, aja amajambula m'kati mwa thupi la munthu ndi mphamvu ya maginito. Ndine wokondwa, Rozina, wokondwa mpaka anzanga kusukulu atopa nane. Za kavalidwe, za kuzizira kwa kumeneko ndi za anyamata, azakhali ako akukuuza panopa, ndipo ndikudziwa kuti sakusiyako kanthu. Ine ndikuuza zimene ndazidziwa pophunzitsa fizikisi moyo wanga wonse, makamaka zimene ndinazidziwa nditalakwitsa.

Chandilembetsa ndi ichi. Sabata yatha unandiwerengera uthenga wochokera kwa mphunzitsi wamkulu amene akakuyang'anire kumeneko. Unaseka kuti bamboyo akulembabe mphamvu ya maginito m'magausi, muyezo wakale, pomwe mabuku onse amene iwe waphunzira amalemba m'matesila. Unati, "Amayi, ndiye kuti ndikupita kwa agogo." Ndinaseka nawe. Koma kusekako kwandikhala pamtima, chifukwa ndinamva mawu anga a pa utsikana akutuluka pakamwa pako.

Ndiyambire kwa agogo ako enieni, bambo anga, a Zuze. Iwe unawapeza atakalamba, maso atachita mdima, koma pa nthawi yawo anali telala wodziwika ku Mbayani. Anabwera kuchokera ku Mozambiki ali mnyamata, ndipo utelala anauphunzira kwawoko, kumene ankayeza nsalu m'masentimita. Kuno anapeza anthu akuyeza m'mainchesi. Tepi yawo inali ya mbali ziwiri, mbali ina masentimita, mbali ina mainchesi, koma iwo mutu wawo unkawerenga masentimita basi. Ndili kamtsikana ka ku pulayimale, amayi a kutchalitchi anawapempha kuti asoke nsalu yoyala patebulo la kuguwa. Bambo anali ndi ntchito yambiri, ndiye anandipatsa tepi n'kundituma kuti ndikayeze tebulolo. Ndinapita monyadira, ndinayeza bwinobwino, ndinalemba manambala awiri pakapepala, koma ndinayeza ndi mbali ya mainchesi, imene tinkagwiritsa ntchito kusukulu, ndipo sindinalembe kuti ndi mainchesi. Bambo anadula, anapinda m'mphepete, anapeta kamtanda pakati. Loweruka titapita kukayala, nsaluyo inakhala pakati pa tebulo ngati mpango wa m'thumba. Amayi a kutchalitchi anaseka mpaka wina anakhala pansi. Ine ndinalira, ndikudikira mbama. Bambo sanandimenye. Anatenga kapepala kanga kaja, anakayang'ana, n'kunena m'Chinyanja chawo chija chokoka, "Mwanawe, nambala wayituma yokha, wayimana dzina. Ine ndikanadziwa bwanji kuti ndi ya kwa yani?" Kansalu kaja amayi anga anakayala pa wailesi mpaka kanatha.

Ndiye choyamba ndi chimenechi, ndipo ndikudziwa kuti wachimva kwa ine mpaka makutu anauma: nambala iliyonse uziilembera muyezo wake pambali. Ngakhale pakapepala kongodzikumbutsa wekha. Ngakhale uli wotopa. Munthu wina akakupatsa nambala yopanda muyezo, usaganizire, mufunse. Palibe manyazi pofunsa kuti, "Ndi magausi kapena matesila?"

Tsopano za kunyoza muyezo wakale. Nditangoyamba uphunzitsi pasukulu ija ya ku Limbe, ndinapeza a Saidi akuphunzitsa fizikisi kumeneko. Ukuwadziwa a Saidi ngati agogo a ndevu zoyera amene amatitumizira mpunga wa nyama pa Idi, koma ine ndinawadziwa ali bambo wamphamvu, wovala shati yoyera yosita mpaka kuthwa. Anali ndi mabuku awo akale a zikuto zolimba, olembedwa m'masentimita, magalamu ndi magausi. Ine ndinali nditangotuluka kukoleji ndi mamita, makilogalamu ndi matesila, ndipo ndinkaona ngati ndabwera kudzaunikira mdima. Tsiku lina m'chipinda cha aphunzitsi ndinanena mokweza kuti mabuku amenewo ndi oyenera kukulungira mandasi. Ena anaseka. A Saidi anangoti, "Mwina, madamu," n'kupitiriza kumwa tiyi.

Patapita nthawi ndinkakonzekera phunziro la ana a kalabu ya sayansi, ndipo ndinasowa funso labwino la koyilo, waya wokulungakulunga uja amene amasanduka maginito magetsi akamadutsamo. Ndinabwereka buku limodzi la a Saidi pashelefu, osawauza. Funso ndinalipeza. Ndinati ndilikonze likhale lamakono. Masentimita ndinawasandutsa mamita, koma fomyula ndinatenga ya m'buku lakale lomwelo, ndipo yankho litatuluka ndinangolembapo kuti matesila. Ndinalemba pabolodi kuti kakoyilo koyendera mabatire a tochi kakutulutsa matesila opitirira chikwi. Ana anakopera mwaulemu. Palibe anafunsa, nanga madamu angalakwe?

A Saidi anadutsa pawindo n'kuona bolodi. Sanalowe. Anandidikira pa nthawi yopuma, ana atabalalika, n'kundiyandikira.

"Madamu," anatero motsitsa mawu, "koyilo yanu ija ikanakhala yoona, njanji zonse za pasiteshoni ya Limbe zikanabwera kudzamatirira pakhoma la kalasi yanu. Kapena tiwachenjeze a sitima?"

Ndinafuna nthaka itseguke. Koma iwo anakoka mpando, anatenga choko, n'kundionetsa pamwamba pa desiki pomwepo. Anati miyezo iwiriyi yonse ndi ya banja limodzi, yonse imawerenga m'makumi, wina unayambira pa sentimita ndi galamu, wina pa mita ndi kilogalamu. Ukamayeza kutalika kapena kulemera, kuchoka uku kupita uko n'kungosuntha kadontho. Koma pa nkhani ya maginito si manambala okha amene amasintha. Mafomyula enieniwo anamangidwa mosiyana. Kanambala kamene mbali ino kali poyera, mbali inayo kanabisika mwina. Anati, "Mukafuna kuwoloka, wolokani ndi katundu yense, manambala ndi fomyula yomwe. Inu mwawolotsa manambala, fomyula mwaisiya tsidya." Kenako tinawerengera funso lomwelo, iwo m'njira yawo, ine m'njira yanga. Iwo anapeza magausi khumi ndi awiri ndi kakanthu. Ine ndinapeza kachigawo kakang'onong'ono ka tesila. Titasintha, podziwa kuti tesila imodzi ndi magausi 10,000, mayankho anakumana ndendende.

M'mawa mwake ndinakafufuta bolodi lija ana akuona, n'kuwauza kuti madamu analakwitsa. A Saidi sanauzepo munthu, ndipo za mandasi zija sanazikumbutsepo mpaka lero.

Ndiye Rozina, mkulu wako wa magausiyo usakamuone ngati wotsalira. Mapepala ambiri amene anayala maziko a ntchito yako analembedwa m'muyezo umenewo, ndipo ukawanyoza udzakhala ngati munthu wokana kumva chilankhulo cha agogo ake. Uphunzire miyezo yonse iwiri mpaka uzitha kulota nayo. Ukayamba kuwerengera, sankha umodzi, ukhale momwemo mpaka kumapeto, usinthe pomaliza. Yankho likatuluka usathamangire kulidula mzere kunsi. Liyang'ane kaye, udzifunse ngati n'zotheka padziko lino. Ndipo ukadzapeza wina atalakwitsa, uzimudikira pa nthawi yopuma.

Zonsezi n'zazing'ono poyerekeza ndi nkhani yachitatu. Iyi unaliko, koma unaiona ndi maso a mwana wa Fomu 3, ndipo pali zina zimene sindinakufotokozerepo bwino.

Ukukumbuka mmene miyendo yanga inayambira. Poyamba dzanzi chabe kuzala, ine n'kumati ndi kuima nthawi yaitali pabolodi. Kenako tsiku lina pa depoti ya Limbe ndikuthamangira minibasi, kondakitala anandikuwira kuti, "Mami, nsapato yanu mwaisiya!" Nditacheuka ndinaona nsapato yanga ya kumanzere ili kumbuyo uko. Ndinali nditayenda ndi phazi lopanda kanthu pamiyala, osamva chilichonse. Dokotala atandigogoda mawondo n'kundibaya ndi kasingano m'mapazi, anati vuto lili kumsana, ndipo afunika kuona m'kati ndi makina a MRI.

Tinapita ndi bambo ako. Amene ankayendetsa makinawo anali mayi wina wamfupi, wansangala, a Nachisale. Anandifunsa ngati ndili ndi chitsulo chilichonse m'thupi, kenako anati ndivule ndolo, mapini a m'tsitsi ndi korona yanga yopempherera, chifukwa unyolo wake unali wachitsulo. Zonse ndinapatsira bambo ako, amene anakhala pabenchi panja. Pakhomo la chipindacho panali mzere wachikasu pansi ndi zithunzi zochenjeza. Ndinasuzumira n'kuona chimakina choyera, cha dzenje pakati, chikulira pang'onopang'ono ngati chikupuma.

Uphunzitsi unandigwira. Ndinafunsa, "Kodi maginito akewa ndi amphamvu bwanji?"

A Nachisale anati, "Tesila imodzi ndi theka basi, mayi. Musadandaule."

Munthu wina aliyense akanamva kanambala kakang'ono n'kugona. Koma ine mutu wanga, umene a Saidi anauphunzitsa kusintha miyezo msanga, unasintha wokha ndisanaupemphe. Magausi 15,000. Ndinakumbuka kuti maginito a dziko lapansi, amene amatembenuza kampasi, kuno kwathu sakwana ngakhale theka la gausi. Ndiye kuti ndikukalowetsa msana wanga m'mphamvu yoposa pamenepo maulendo zikwi makumi angapo. Ndinakumbukanso kuti m'magazi muli ayironi, ndipo ayironi ndi chitsulo. Andivula ndolo chifukwa cha chitsulo, nanga magazi andivula bwanji? Ndinati, "Ndipiteko kaye kuchimbudzi."

Rozina, sindinapite kuchimbudzi. Ndinadutsa khomo lake, ndinatuluka pa geti, ndinakoka mwendo wanga mpaka pamsewu, n'kukwera minibasi ya ku Limbe. Bambo ako ndinawasiya pabenchi paja atafumbata ndolo ndi korona. Anadikira, anatumiza namwino kuti akandione, anazungulira chipatala chonse. Madzulo anandipeza kunyumba ndikusenda mbatata ngati palibe chachitika. Anaima pakhomo la khitchini, anatambasula dzanja n'kunena kuti, "Amake Rozina, ndolo zanu izi." Ndikanakonda akanandikalipira.

Dzinja lonse linadutsa. Akandifunsa ndinkati mayeso a ana ayandikira, ndipita akatha. Mayeso anatha, ndinapeza chifukwa china. Dzanzi linakwera mpaka m'mawondo. Ndinayamba kuyendera ndodo, ndipo pabolodi ndinkalemba nditatsamira desiki. Chifukwa chenicheni ndinali ndisanauze munthu, poti ndinkadziwa kuti n'chochititsa manyazi kwa mphunzitsi wa fizikisi. Chinangondipulumuka tsiku lina ndikukangana ndi bambo ako, iwe uli pafupi ukusita yunifolomu.

Loweruka lotsatira unabwera kuchokera kumsika wa Limbe ndi kachiwindi ka ng'ombe m'kajumbo. Unali utamasulanso sipika ya wailesi yakufa ya bambo ako n'kuchotsamo maginito. Unaika chiwindi m'mbale patsogolo panga, magazi ali chuchuchu, n'kugunditsapo maginitowo.

"Amayi, taonani. Chiwindi ndiye chodzaza ayironi, munatiuza nokha. Chakakamira?"

Ndinati, "Kamaginito kakoko n'kofooka, mwana iwe. Kuja n'kwina."

Iwe sunagonje. Unati, "Chabwino. Nanga mayi amene amagwira ntchito kumeneko aja? Amalowa m'chipindamo tsiku lililonse kukagoneka odwala. Magazi awo anawathawa?"

Ndinangokuuza kuti ukakazinge chiwindicho chisanawonongeke.

Amene anamaliza ntchito ndi a Saidi. Anali atapuma kale pa uphunzitsi, koma bambo ako anakawauza. Anabwera masana ena pochokera ku mzikiti, anakhala pakhonde pano, pampando umene ndakhalapowu, n'kundimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Madamu, kuchoka pano kukafika ku Limbe mumayenda wapansi mukafuna. Koma wina atakuuzani mtunda womwewo m'mamilimita, mungamange kamba wa ulendo n'kutsanzikana ndi abale. Msewu ndi womwewo. Mayi uja anakupatsani nambala yaing'ono, inu mwaiwonjezera maziro nokha, kenako mwayamba kuwaopa. Funso si lakuti maziro ndi angati. Funso ndi lakuti mphamvuyo imachita chiyani pa thupi la munthu, ndipo limenelo simunafunse. Munathawa musanafunse."

Tinabwerera kuchipatala kuja, ulendo uno ndi iwe. Ndinkayembekeza kuti a Nachisale andinyogodola, koma atandiona anaseka n'kundigwira dzanja. "Aphunzitsi a kuchimbudzi aja! Mwabwerako? Musachite manyazi, si inu oyamba." Anandikhazika pansi n'kundifotokozera modekha. Anati ayironi wa m'magazi sali ngati msomali. Ndi tinthu tating'onoting'ono tomangika patalipatali m'kati mwa zinthu zina, ndipo maginito satikoka. Chimene makinawo amafuna ndi madzi a m'thupi. Maginito amafoletsa tinthu ta m'madzimo, kenako makina amatumizira tinthuto mafunde onga a wailesi, otsikirako pang'ono kuposa a mawailesi a FM amene timamvera kunyumba, tinthuto n'kuyankha, makina n'kumvetsera n'kujambula chithunzi. Choopsa chenicheni, anatero, ndi sizasi yoiwalika m'thumba, kapena silinda ya mpweya, kapena munthu amene anamuika kachipangizo kothandiza mtima. Mzere wachikasu uja ndi wa zimenezo.

Iwe unaima pamzerewo, zala za kuphazi zitangougunda, n'kufunsa kuti unajambulidwa potengera chiyani. A Nachisale anati, "Umenewu ndi mzere wa magausi asanu. Kuseri kwake maginito afooka moti aliyense atha kudutsa."

Iwe unakwinya nkhope. "Koma makina mwati ndi matesila. Bwanji mzere ndi magausi? Chipinda chimodzi miyezo iwiri?"

Anaseka. "M'mabuku atsopano amalemba kuti theka la militesila, ndi chimodzimodzi. Koma tayesa kukuwira munthu amene akubwera ndi wilutcheya yachitsulo kuti, ima pa theka la militesila! Lilime lipindika iye atalowa kale. Tonse timangoti magausi asanu."

Ndinaona nkhope yako nthawi imeneyo, Rozina. Ine ndinali ndikadali ndi mantha, iwe maso ali pa chimakina chija ngati waona chibwenzi. Ndikuganiza kuti ulendo wa mawawu unayambira pamzere umenewo.

Ndinagona m'dzenje muja. Phokoso lake linali ngati anyamata a ku Mbayani akukhoma zidebe onse nthawi imodzi. Ndinatsinzina n'kumapemphera korona ndi zala, poti yeniyeniyo inali m'manja mwako. Palibe chinandikoka, palibe chinandiwotcha. Chithunzi chitatuluka, dokotala anatilozera kachotupa konga nzama, katatsamira pa mtsempha waukulu wa m'msana. Sikanali khansa. Anandichita opaleshoni, anakachotsa, ndipo pang'onopang'ono miyendo inabwerera. Wakumanja unabwerera wonse. Wakumanzere ndi uwu umauona, phazi limakhula pansi ndikatopa, ndipo nsapato ya mbali imeneyo imatha msanga. Ndinamufunsa dokotala ngati likanachira lonse ndikanabwera nthawi yoyamba ija. Anali munthu wachilungamo. Anati, "Mwina, mayi. Mtsempha ukapanikizika nthawi yaitali, mbali ina siibwerera."

Sindikukuuza izi kuti undimvere chisoni. Ndimayenda, ndimaphunzitsa, ndinavina pa ukwati wa msuweni wako mpaka anthu anandifupa. Ndikukuuza chifukwa kumene ukupitako udzakhala pakati pa manambala tsiku lonse, ndipo n'kosavuta kuiwala kuti panja pa chitseko pali benchi, pabenchipo pali munthu amene pakamwa pamuuma. Ena amaopa chifukwa sadziwa kanthu. Ena, ngati mayi ako, amaopa chifukwa akudziwa theka. Onsewo usawaseke. Ukaona munthu wafunsa funso kenako wangoti zii, usamusiye apite kuchimbudzi yekha. Mufunse chimene wamva. Nambala imene iwe waitchula si imene yafika m'mutu mwake nthawi zonse. Ndipo iwenso, tsiku limene chinthu chidzakuopse kumeneko, kaya ndi mayeso, kaya ndi matenda, kaya ndi munthu, usadzakwere minibasi usanafunse funso lachiwiri.

Pali tina ting'onoting'ono. Bambo ako uziwaimbira foni iweyo, chifukwa iwo sadzakuimbira. Adzangokhala ndi foni m'manja n'kumandifunsa ine kuti kumeneko ndi nthawi yanji. Tchalitchi ukachipeze sabata yoyamba, usanazolowere kugona Lamulungu. Koma anzako usawasankhe potengera kumene amapemphera. Munthu amene anandibweza kuchipatala anachokera ku mzikiti masana amenewo. Ukapanda kumva Chingerezi chawo chothamanga, uziti abwereze. Uzidya. Ndikukudziwa iwe ukagwira buku.

Tsopano chimene ndakhala ndikuchizungulira. Lolemba ndinakumva kukhitchini ukulankhula ndi bambo ako. Unkayesa ndili kubafa, koma madzi anali atasiya. Unati, "Adadi, bwanji ndiwapemphe a kusukulu kuja kuti ndidzapite chaka chamawa? Phazi la amayi likuoneka ngati likukhula kwambiri masiku ano. Akadzagwa ndani adzawadzutse?" Bambo ako anakuyankha kuti, "Kafunse eni ake phazi." Sunabwere kudzandifunsa. Ndaona kuti matikiti sunabweze, sutikesi walongedza, koma ndaonanso mmene ukundiyang'anira ndikamadutsa, maso ali pansi, kuwerenga mayendedwe anga. Sindikufuna ukwere ndege ndi mtima wotere, theka uli m'mwamba, theka uli pa phazi langa. Ndiye eni ake phazi akuyankha.

Phazili likukhula masiku ano chifukwa masabata awiri onsewa ndazungulira Limbe yense kukusakira jekete, ndakwera masitepe a m'mashopu a amwenye amene sindinawakwerepo chibadwire. Latopa, ndipo latopa ndi ntchito yokoma. Kuchipatala ndimapita nthawi yake ikakwana, sindithawanso, ndipo ulendo wathawu unali nane pamene dokotala ananena kuti palibe chamera. Ndikadzagwa adzandidzutsa bambo ako. Munthu amene anandidikira pabenchi tsiku lonse sangalephere kundidzutsa pansi. Azakhali ako ali pafupi, ana a sukulu amalimbirana kundinyamulira mabuku. Sindili ndekha, mwana wanga.

Ndipo tamvera. Ine ndinataya dzinja limodzi chifukwa cha mantha, ndipo ndinalipira ndi phazi. Sindilola kuti phazi lomwelo likudyere iwenso chaka. Likatero ndiye kuti ndalipira kawiri. Kuno makina amenewa ndi ochepa, anthu owadziwa m'kati mwake ndi ochepanso, ndipo akawonongeka odwala amadikira katswiri wochokera kunja, zotupa zawo zikukula. Pita ukaphunzire mpaka uwadziwe ngati mmene agogo ako ankadziwira makina awo osokera, amene ankawamasula n'kuwamanganso akucheza. Ukadzafuna kubwerera, udzabwerere chifukwa wamaliza, osati chifukwa cha ine.

Ndili ndi pempho limodzi la mawa. Tikakafika ku Chileka, galimoto ikakaima, sutikesi yaikulu atenge bambo ako. Koma kachikwama kako ka m'manja ndinyamula ine, kuchokera pagalimoto mpaka pakhomo pamene operekeza amabwererapo. Ndikudziwa udzafuna kundilanda. Udzati, "Amayi, n'kolemera, muli laputopu." Usandilande. Uyende pambali panga, usandigwire mkono, usayang'ane pansi. Ndikafika pakhomopo ndidzakupatsa, ndipo iwe udzalowe.

Mulungu amene anakupereka kwa ife akutsogolere, akusunge, ndipo akupatse anthu abwino kumeneko monga anandipatsira ine kuno.

Ndine mayi ako,
amene ndimakunyadira